Kamera Yozizira ya a Sebastiano

"Miyendo yachitsuloyi atenge Geresomo," anatero bambo Lorenso, akuloza ndi chibwano. "Chipaipicho chipite kwa Andrea. Kamerayo, Faness, poti unaitanitsa ndiwe, tenga."

Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo a Faness, a Sebastiano, ndipo abale anali pansi pa mtengo wa bwemba kugawana katundu wa malemu, kuti aliyense achoke ndi kanthu kokumbukira. Wogawa anali mng'ono wa malemuwo, a Lorenso, munthu wachilungamo mpaka kunyanya. Ataona kuti telesikopu ya malemu, chida choonera nyenyezi, ili ndi zigawo zitatu, anati basi, anthu atatu athandizika. Abale inu, telesikopu n'kuigawa ngati nyama ya mbuzi!

A Sebastiano, chipumireni ntchito ya magetsi ku Kapichira, ankajambula nyenyezi, zakutali zija zimene maso saziona. Koma kutentha kwa ku Chikwawa kulibe chisoni. Kamera yawo yakale inkatentha, zithunzi n'kutuluka timadontho tokhatokha ngati wawazapo mchenga. Anayesa kuikulunga ndi kansalu konyowa, ayi ndithu. Kenako anamva za makamera okhala ndi kafani ndi choziziritsira m'kati. Zaka ziwiri zathunthu akusankha! Lero akufuna yojambula zakuda ndi zoyera, ati imaona patali. Mawa ayi, ya mitundu. Faness, amene ankaphunzitsa ku Blantyre, khutu linachita kutentha ndi mafoni awo. Pomaliza anati, "Ya mitunduyo, mwanawe. Amayi ako akuti zithunzi zanga zimaoneka ngati phulusa." Kamerayo inafika pa minibasi m'mawa mwake ataika maliro, mwiniwake osaigwirako.

Faness anagwada pamaso pa akuluakulu.

"Bambo aang'ono, pepani ndilankhuleko. Kamera iyi payokha ndi yakhungu. Zitatuzi zimagwira ntchito pamodzi. Mukazisiyanitsa, palibe adzaonenso nyenyezi pamudzi pano."

"Ndiye enawa apite chimanjamanja?" anafunsa a Lorenso. "Munthuyu sanali wako wekha."

A Geresomo, msuweni wa malemu, kamunthu kafupi kolongolola, anali ataikumbatira kale miyendoyo. "Ine ntchito ndaipezera kale. Ndizipachikapo nyale pa golosale panga."

Faness misozi inalengeza. Zinamupweteka kuposa tsiku la maliro. Apo mayi ake, a Febbie, amene anali pa mphasa chiyambire m'mawa, anakweza mutu.

"Alamu, mwanayu angochiimika chinthuchi kamodzi, tichione chonse chili pamodzi. Kenako mugawe."

Wamasiye sakanizidwa kanthu kakang'ono chotero. A Geresomo anapereka miyendo ija monyinyirika.

Faness anamasula zomangira, nayamba kuikoka kuti italike. Chitsulo cha m'kati chitatuluka, panaoneka timizere ta penti yoyera, kamzere kalikonse kali ndi tizilembo pambali. Iye anali asanationepo, pakuti bambo ake ankaimika okha chinthucho asanaitane anthu kudzasuzumira.

"Palembedwa chiyani?" anafunsa Andrea, mwana wa mchemwali wa malemu.

Faness anawerenga kuyambira pamwamba. "Andrea. Faness. Febbie." Anatsika ndi chala. "Geresomo."

Anthu anaseka, koyamba chichitikireni zovuta. A Geresomo anasendera pafupi, naima pambali pa miyendoyo, nayeza ndi dzanja. Mzerewo unkaika telesikopu pa diso pawo penipeni.

"Ha! Sebastiano iwe," anatero. "Ine ndinkati chinthuchi anachipanga cha msinkhu wanga."

Panali kamzere kena pansi pa onse. Faness anayang'ana bambo ake aang'ono, nawerenga pang'onopang'ono: "Lorenso, atakhala pa mpando. Msana."

A Lorenso anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya malaya. Za msana wawo anali asanauzepo munthu.

Andrea anadzuka mwakachetechete, nanyamula chipaipi chija n'kuchiika pamapazi pa Faness. A Geresomo anabwerera pa benchi manja ali kumbuyo.

"Takhuta," ananong'ona a Febbie m'Chisena cha kwawo, ndipo sizinadziwike ngati akuthokoza amoyowo kapena amuna awo.

A Lorenso anakoka mpando, naukhazika pafupi ndi miyendo ija.

"Mwanawe, ika pa mzere wangawo."

"Dzuwa likadali pamutu, bambo."

"Ndidikira," anatero, nakhala pansi.