Dzanja la Napari

Msonkhano wa makolo pasukulu ya ku Savelugu unafika pa nkhani yotentha: phunziro lolemba malamulo a kompyuta likhale lokakamiza, lam'mawa, kapena lipitirire masana kwa ofuna okha?

Napari anali atanena kale zake panja, asanalowe. "Magetsi athu othimathima ngati ziphaniphaniwa, ana akalamule makina? Ayambe alamula mbuzi zanga!" Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma mphunzitsi wa phunzirolo, mayi Ayishetu, sanatchule za magetsi. "Masana kumabwera anyamata okhaokha," anatero. "Atsikana analembetsa onse. Ine sindinawathamangitse."

Napari anaponya maso kumabenchi a amayi. Kumeneko kunali Lariba, mlongo wake wamkulu, amene anapatsidwa Sanatu, mwana wa Napari, akadali wamng'ono, poti pamwambo wa kumeneko mwana wamkazi amakulira kwa azakhali ake. Akaweruka, Sanatu ankathamangira kukasinja mtedza wa shiya, woyengera mafuta amene Lariba amagulitsa. Tsiku lina Napari anamupeza panjira akupempha mnyamata wa m'kalasi mwake kuti amufotokozere zimene anaphunzira masana, mnyamatayo akuyankha mothimbwidzika ngati bwana. Mtima unamuwawa, koma akanatani? Mwana ukapereka sumulondola ndi malangizo. Kuuza Lariba kuti azimumasula masana kukanakhala kumunena kuti sadziwa kulera.

Komatu belu lam'mawa silipempha chilolezo kwa azakhali.

"Ofuna likhale lokakamiza, manja m'mwamba," anatero wapampando.

Napari anakweza lake.

"Aa, iwe!" anamugunyuza Iddrisu, mnzake wokhala naye pabenchi. "Mbuzi zija zakutuma?"

"Tseka pakamwa, chidazi iwe."

Manja anali ochepa, ndipo amayi ambiri ankayang'ana kwa Lariba, mkulu wa gulu lawo loyenga mafuta.

"Achimwene," Lariba anaitana osadzuka, "mukudziwongola kapena mukuvota?"

"Ndikuvota, achemwali. Masana ndi anu, sindikukhudzako."

Lariba anamuyang'ana nthawi yaitali. Za mwana sanatchule, koma onse awiri ankadziwa amene akukambidwa.

"Mukanangondiuza," anatero motsitsa mawu.

"Mukanamva?"

"Ayi."

Lariba anapukuta chikhatho pansalu yake, ngakhale chinalibe mafuta, nachikweza pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake zibangili za amayi ena zinayamba kulira, dzanja ndi dzanja.