Mazira Olembedwa ndi Makala

Namakau, mphunzitsi wa makompyuta wochokera ku Mongu, anali ndi matenda amodzi: pakamwa pake pamathamanga kusiya manja m'mbuyo. Atangofika pasukulu ya ku Ndake anauza amayi a m'mudzi kuti furiji yakufa ya pasukulupo aisandutsa chofungatira mazira. Amayiwo sanachedwe. Analanda mathadzi awo mazira, aliyense n'kulemba ake ndi khala kuti asasokonezeke, n'kumutulira.

Kutentha kunali kosavuta, magetsi a sola analipo. Ntchito inali pa kutembenuza mazira, pakuti dzira losatembenuzidwa limasukusa. Namakau anagula ku Petauke kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, komwe kamamva chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Lua. Chilankhulocho anali asanachigwirepo, koma n'chopepuka. Anawerenga pafoni, n'kulemba timizere tochepa touza kamota kuti pakapita maola angapo kazikankha thireyi yoikamo mazira, mazirawo agudubuzike, kenako kaziibweza.

Mavuto anayamba m'mawa mwake. Atasuzumira asanayambe kuphunzitsa, anapeza zizindikiro za makala zili pamwamba monga anazisiyira. Poweruka, pamwamba pomwepo. Mawa lake chimodzimodzi. Anawerenga timizere take mpaka maso kuwawa, cholakwika osachiona. Mantha anamugwira zenizeni, mpaka anayamba kuzemba njira ya kuchigayo, komwe amayi aja ankasonkhana. Munthu wobwera n'kuwoletsera eni mudzi mazira, nkhope angaiike pati?

Loweruka m'mawa dzuwa litakwera, Amai Consolata Daka, omwe mazira awo anali ochuluka kuposa a onse, anatulukira ndi kampando kawo m'manja.

"Aphunzitsi, nabwela kuona nkhuku yanu ya malaiti. Mailo munanipita monga simunanione."

Namakau anawalowetsa m'kalasi, n'kugwada pafupi ndi furiji ija, mawu opepesa atawakonza kale.

"Amai, pali nkhani. Mazila aya nayesa..."

Asanamalize, m'katimo munamveka kulira kwa kamota. Thireyi inasuntha pang'onopang'ono, mazira onse n'kugudubuzika, makala aja n'kulowa pansi.

"Iyee! Yacita kutembenuza yeka!" Amai Daka anaomba m'manja. "Nanga nkhani ni yotani?"

Namakau anayang'ana nthawi pafoni. Apa m'pamene zinamulowa. Kamota kamakankha, pakapita nthawi n'kubweza, ndipo iye, ndi khalidwe lake la uphunzitsi losunga nthawi, ankasuzumira pa maola omwewo tsiku lililonse, mazira atangobwerera kumene. Kachipangizo kanali kakugwira ntchito yake mokhulupirika masiku onsewo, mwini wake akuonda ndi nkhawa.

Anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Mtima unatsika, ndipo njala imene inamuthawa sabata yonse inabwera nthawi yomweyo.

"Palibe nkhani, Amai. Nenze kufuna cabe muone."

Tsiku lomwelo anawonjezera mzere umodzi, woti kachipangizo kaziwerenga n'kuonetsa kuti katembenuza kangati. Kunjira ya kuchigayo anabwererako.

Anapiye atayamba kuswa, amayi onse anadzaza m'kalasi, phokoso ngati pamsika. Koma makala anatsalira pa zikamba, ndipo anapiye anali atasakanikirana, osadziwika mwini. Amayi anagawana mongoyerekeza, akuseka. Amai Daka anatola kamodzi kakuda n'kukaika m'manja mwa Namakau.

"Aka kalibe cizindikilo. Ni kanu, amake anapiye."