Wogula Mawu wa pa Lizulu

Pa Lizulu ponse ankangonong'onezana kuti Hanifa, mwana wa a Sidiki a golosale aja, wabwera kudzagula mawu a anthu. Akuti ukangolankhula pafoni yake, mawu ako amapita kunja, iwe n'kutsala duu ngati thumba la mbatatesi.

Anayambitsa mphekeserayi ndi Tawina, wogulitsa mbatatesi pamsikapo. Ku pulayimale ankakhala desiki imodzi ndi Hanifa, ndipo nambala wani ankakhala Tawinayo. Koma taonani lero! Hanifa akuphunzitsa ku yunivesite, n'kumafufuza ngati makompyuta oganiza okha aja akuthandiza anthu kapena kuwapondereza. Anabwera kudzamva maganizo a amayi pa kapulogalamu ka m'foni kouza ogula mitengo ya mbewu. Tawina akangoona nsapato zake zopanda fumbizo, mtima unkachita kuwawa ngati wameza tsabola wa kambuzi.

Bodza lija linagwira. Amayi akaona Hanifa ankatseka pakamwa ndi chitenje, moni womwe n'kuyankha ndi mutu.

Tsiku lina Hanifa anadzaima pa ndowa za Tawina.

"Achemwali, ndamva kuti nkhani ija inachokera kwa inu."

"Ine? Ndasanduka wailesi ine?"

"Musaope. M'mphekesera yanuyo muli funso lomwe limandizunguza mutu: mawu a munthu akalowa m'makina, mwini wake ndani? Lolemba kuli msonkhano wa maprofesa ku Lilongwe. Mukawafunse nokha maprofesawo. Galimoto idzakutengerani pompano."

Lilongwe! Hotela! Maikolofoni m'manja! Tawina ankafuna kukana kuti mnzakeyo achite manyazi, koma pakamwa panangoti, "Ndiganize kaye."

Hanifa atangotembenuka, mayi Ida a tomato anamukoka Tawina dzanja.

"Iwe, usayerekeze dala. Si iwe unatichenjeza? Ukakwera galimoto imeneyo tidziwa kuti watigulitsa, ndipo malo akowa tipatsa wina."

Lolemba galimoto inafikadi, yoyera mbee, Hanifa ali kutsogolo akuseka pafoni ngati dziko ndi lake. Tawina anali kuseri kwa ndowa zake, diresi la kutchalitchi atalivala n'kulibisa m'kati mwa chitenje chamatope. Amayi onse anasiya kuitanira malonda, maso ali pa iye. Hutala ya galimotoyo inalira, inaliranso.

Nanga mukanakhala inu, chitenjecho mukanachimasula?