Wakuba Mbatatesi wa pa Foni

Eustace anasewera ngati wakuba mbatatesi mufilimu imene achinyamata a ku Kasina anajambula ndi kamera yobwereka. Filimuyo isanaonetsedwe paliponse, wina anadulako kachidutswa n'kukamwaza m'mafoni. M'kachidutswako munali Eustace yekha, akukumba mothamanga m'munda wa eni, maso ali uku ndi uku.

Kanafikanso pa foni ya a Zikhalo, amalume ake a Clotilda, mtsikana amene Eustace anamufunsira. Chinkhoswe chinali chitatsala milungu iwiri. A Zikhalo anatumiza mawu akuti chiyambe chaima.

"Amalume, lijatu ndi sewero chabe," anatero Eustace atawapeza pakhomo pawo.

"Munda uja ndikuudziwa, ndi wa a Levison. Kapena nawonso ndi wa sewero?"

Eustace anapalasa njinga mpaka pa Mayani kwa mayi Falesi, eni nyumba yoonetsera kanema. Chiyambire anthu kuonera mafilimu m'mafoni, theka la nyumbayo linasanduka mosungira matumba a chimanga.

"Filimu ya konkuno adzaonera ndani?" anafunsa mayi Falesi. "Ngakhale za karate zomwe anthu akuzithawa."

"Muonetse kamodzi kokha, mayi, tsiku la msika masana. Ine ndikufunapo munthu mmodzi."

Munthu mmodziyo, a Zikhalo, anabwera Clotilda atawachonderera masiku atatu. Koma panabweranso ena ambiri ofuna kuona mapeto a wakuba wa pa foni uja. Mabenchi anadzaza, ena anakhala pamatumba.

Mbali ya kuba itadutsa, pakanemapo panatulukira a Levison enieniwo, atanyamula chibonga. Anamugwira Eustace pakolala, kenaka anaiwala mawu awo n'kuyang'ana kamera. Nyumba yonse inafa ndi phwete. A Levison, amene anakhala kutsogolo, anaimirira n'kuvula chipewa. Mayi Falesi anali atayamba kale kufunsa ngati achinyamatawo ali ndi filimu ina.

A Zikhalo sanaseke. Anaonera mpaka mayina onse a osewera atatha, kenaka anamuitanira Eustace panja.

"Ndaona, bambo, simunabe. Koma khasu mumaligwira choncho? Mbatatesi zonse zija munazitema pakati."

"Ojambula aja anati ndikumbe mwamantha, amalume."

"Mantha satema mbatatesi. Chinkhoswe chikhale pa tsiku lake lomwe lija. Koma Lolemba mulawirire kudimba kwanga, ndikakuoneni mukukumba popanda kamera."