Ngolo Yanga ndi Sukulu ya a Blasius

Ine Abdulrazak, amene ndinapita ku Wankie wapansi n'kubwerako pa sitima nditavala jekete, ndinachotsa sukulu yathunthu kumchira ndisanadziwe n'kulemba dzina langa lomwe. Wokayika akafunse kwa Nsamala.

Munali mu 1951. Ndinali nditatsegula sitolo pafupi ndi siteshoni ya Balaka, ndili ndi ng'ombe zinayi ndi ngolo ya matayala a galimoto imene anthu ankatuluka m'nyumba kudzaiona. Kumudzi kwathu kunali kasukulu ka mishoni kofolera udzu. Mphunzitsi wake anali a Blasius, munthu woonda, wolankhula motsitsa. Zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndinakhala ku migodi, kalaliki ankandilembera makalata, ndipo kuno a Blasius ndiwo ankawerengera mkazi wanga Zaina n'kumulembera mayankho. Ife Asilamu, iwo Mkatolika, koma sanalandirepo ngakhale dzira, ndipo za m'makalatamo sanauzepo munthu.

Tsiku lina ndinawapeza pakhonde la sukulu atagwira pepala. Woyendera sukulu anali atangochoka pa njinga yake. Papepalapo panali sukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi za chigawo chathu, zondandalikidwa monga ana anakhozera mayeso, ndipo yawo inali yotsiriza kachitatu. Anati woyenderayo adzabweranso kumapeto kwa Ogasiti kudzayesa ana. Akapanda kukhoza khumi, thandizo la boma lidzachotsedwa ndipo sukulu idzatsekedwa. Sukulu ina inali kutali, kutsidya la mtsinje, kumene kholo silingatumize mwana wamng'ono.

Ndinawauza kuti asadandaule, ine sukulu ndinaziona ku Bulawayo ndipo chinsinsi chake ndimachidziwa: belu ndi masileti. Ndinagula masileti makumi atatu, ndinapeza chidutswa cha njanji yakale n'kuchipachika pamtengo wa mango. A Blasius anathokoza, koma monga athokozera munthu amene wapatsidwa nsapato ziwiri za phazi limodzi.

Mu Juni ndinapita kukaona ntchito yanga. Belu linamveka mpaka kudambo. Anabwera ana asanu ndi atatu.

Ndinafika kunyumba ndikukalipa kuti ana a kuno ndi aulesi, sali ngati a ku Bulawayo. Zaina ankasankha nandolo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a ku Wankie, maiko munawaona, koma njira ya kwanu simunaione. Mawa mulawire, mukaime panjira ya ku msika wa thonje."

Ndinakaima. Anthu ankadutsa mzere wautali atasenza mitolo ya thonje, ndipo pakati pawo panali ana, ena mtolo kuwaposa kukula. Kupita, kudikira sikelo, ndi kubwerera, tsiku latha. Mawa lake miyendo yatupa. Miyezi ya thonje inali yomweyo yokonzekera mayeso. A Blasius ankadziwa zonsezi, koma akanauza bwanji kholo kuti thonje lidikire pamene msonkho sudikira? Ine ndi masileti anga sindinawafunse n'komwe.

Lachisanu titatuluka mu mzikiti, ndiponso Lamulungu pakhomo la tchalitchi, ndinalengeza kuti ngolo yanga izinyamula thonje la mudzi wonse. Anthu anayang'anana. Mai Elube, wamasiye wa ana atatu, anafunsa kuti munthu wa sitolo angapereke chaulere kuyambira liti.

"Chaulere iyayi, mayi," ndinatero. "Malipiro ake ndi mwana wanu kukhala pamaso pa aphunzitsi. Akajomba, mtolo wanu utsala pakhonde."

Mitolo iwiri inatsaladi sabata yoyamba, ndipo eni ake anandinena mudzi wonse. Sabata yachiwiri sunatsale ndi umodzi womwe. Ngoloyo ndinkayendetsa ndekha, sitolo nditasiyira Zaina. Amwenye amene ndinkawanyamulira katundu kuchokera ku siteshoni anapeza wina. Ng'ombe imodzi inayamba kutsimphina, jekete langa linayera ndi thonje. Ulendo uliwonse ndinkasema kachizindikiro pathabwa la ngolo, poti kuwerengetsa zinthu kokha ndimatha. Pobwerera ndinkamva ana akuimba masamu, phokoso kuposa belu langa lija.

Woyendera anabwera, anayesa ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Anakhoza khumi ndi awiri, mmodzi wa iwo Gladys wa mai Elube. Pepala litafika, sukulu yathu inali pa nambala khumi ndi imodzi. Si pamwamba, iyayi, koma kumchira kunali ena.

A Blasius anabwera kwathu atanyamula tambala, akuti sakudziwa kuti adzandibwezera bwanji. Ndinaitana Zaina kuti abwere ndi chitini cha tiyi m'mene ankasungamo makalata aja. Tinawerenga pamkeka: makumi anayi ndi atatu. Tinapita pa ngolo kukawerenga zosema zanga: makumi anayi ndi chimodzi.

"Aphunzitsi, tambala wanu mubwerere naye. Wangongole ndine."

M'mawa mwake ndinamanga ng'ombe, ndinatuta udzu wofolera sukulu maulendo awiri. Makalata makumi anayi ndi atatu, maulendo a ngolo makumi anayi ndi atatu.