Imazima Yokha Lamulungu

"Muiwone bwino, bambo. Anzanu aja anangondigulitsa chaja chatsopano, matenda ali pomwepo," anatero amake Dokotala akutulutsa laputopu yomwe anaikulunga m'thaulo ngati khanda.

Wokonza makompyuta, bambo wa dazi wokonda nthabwala, anakankhira pambali mafoni osweka kuti apeze poiika. Kashopu kake kanali pansi pa masitepe, kothina, konunkha waya wopsa.

"Ikumva kupweteka pati, mayi?"

"Imazima yokha."

"Tsiku lililonse?"

"Ayi, Lamulungu lokha. Masiku enawa ndimamvetserapo nyimbo mpaka wotopa ndimakhala ine. Koma Lamulungu masana ndikamacheza ndi mwana wanga, nkhani ikangofika pokoma, basi mdima bii."

"Ndiye kuti ndi yopemphera imeneyi, imasunga tsiku lopuma," anaseka bamboyo.

Mayiwo sanaseke nawo. Mwana anali naye mmodzi yekhayo, dokotala amene ankagwira ntchito kunja kwa dziko, ndipo anthu a mumsewu mwawo anaiwala kale dzina lawo lenileni n'kumangowaitanira ntchito ya mwanayo. Chimwalirireni amuna awo, m'nyumba munkayankhula wailesi yokha. Sabata yonse ankatolera nkhani: za denga lodontha, za mwana wa aneba amene wathawa ukwati, za bondo lawo. Lamulungu ankasamba kachiwiri, kuvala diresi labwino, n'kukhala patsogolo pa laputopu ija isanakwane n'komwe nthawi. Ikazima, pomwe ankalimbana nayo kuti iyakenso, pafoni pankakhala patafika kale uthenga: "Pepani amayi, makina amenewo. Tidzapitiriza sabata yamawa." Ndipo iwo ankachita manyazi kuti chinthu chawo chikutayitsa nthawi munthu wotanganidwa.

Wokonza uja anayesa batire, anamvetsera kafani ka m'kati, anadinadina uku akuimba mluzu. Kenako mluzu unatha.

"Mayi, winanso amene amaigwira ndani?"

"Angaigwire ndani? Ndimakhala ndekha."

"Chifukwatu makinawa ndi abwinobwino. Munthu anachita kuitchera, monga momwe timatcherera alamu. Anaiuza kuti Lamulungu lililonse, ikakwana folo koloko, izizima."

"Mwina inabwera choncho kuchokera kusitolo."

Bamboyo anakanda dazi lake. "Apa pakuoneka mwezi umene anaitchera. Ndi Disembala wathayu."

Disembala ndi pomwe Dokotala anabwera kutchuthi. Mayiwo anamuona bwinobwino m'maganizo, atakhala pasofa, laputopu ili pamiyendo, iwo akumuikira tiyi pambali. Anati, "Ndikukukonzerani kuti isamakuvuteni, amayi." Iwo mpaka anakadzitama kwa aneba kuti mwana wawo ndi wosamala.

Mayiwo anakhala pa kampando ka makasitomala.

"Amaopa kuti ndimaliza magetsi," anatero. "Ndi mwana woganiza patali ameneyo."

"Eya, ndi magetsi amenewo, mayi," anavomera wokonza uja msangamsanga, maso ali pa mawaya. Chisoni chake chinawapweteka kuposa nthabwala zija. "Ndiye ndichotse, kapena ndisiye momwemo?"

Mayiwo anaganiza zosiya. Akanatha kumangopitiriza kutukwana makina, mwana wawo n'kukhalabe wabwino. Koma akanakhala bwanji patsogolo pake Lamulungu lililonse akudikira mdima umene akuudziwa mwini wake?

"Chotsani," anatero.

Lamulungu litafika, Dokotala anaonekera pagalasi ali kukhitchini kwake, m'maso muli psuu ndi tulo, koma akumwetulira.

"Amayi anga! Bondo lija likuti bwanji?"

"Likumvera mankhwala. Iwe ukudya koma? Wawonda khosi."

"Ndikudya, amayi. Ndi kamerayi."

Anayamba kumufotokozera za denga, momwe mmisiri anakwerera n'kuswa malata ena awiri. Pakamwa pankayankhula, koma maso anali pa mwana wawo. Nthawi itayandikira anamuona akuponya diso pakona ya galasi. Mwanayo anatsamira kumbuyo, dzanja linafika kale pa makiyi a galimoto, ndipo mayankho ake anasanduka "eya... eya..." Ankachita chomwechi sabata zonsezo, iwo osaona.

Folo koloko inakwana, n'kupitirira. Laputopu inangoti phee, ikuwala.

Dokotala anayang'ananso pakona paja, kenako anayang'ana amayi ake. Amayi akenso anali akumuyang'ana, atasiya nkhani ya denga pakati.

"Laputopu ija... yachira?" anafunsa.

"Yachira. Ndinapita nayo kwa wokonza."

Mwanayo anazyolika. Bambo wamkulu, wa imvi ziwiri zitatu m'ndevu, anaoneka ngati tsiku lomwe anamupeza akunyambita shuga ali wamng'ono.

"Amayi, ine sikuti..."

"Usavutike, mwanangu. Kulongolola ndimalongolola, bambo ako ankanenanso. Ntchito yako ndikuidziwa kuti ndi yolemetsa. Koma ukatopa uzindiuza ndi pakamwa pako. Ine ndazungulira nacho chinthuchi m'tauni monse pamutu pali dzuwa, kufunafuna matenda omwe kulibe."

"Ndimalephera kukudulani mawu, amayi. Ndikati nditsanzike, nkhope yanu imagwa, ndiye ndimakagwira ntchito mtima uli kuno."

"Ndiye unaona kuti bola igwere mumdima, iwe osaiona."

Dokotala anabweza makiyi aja patebulo, nakokera mpando pafupi.

"Pitirizani, amayi. Mumanena za mmisiri. Lero sindikuthamangira kulikonse."

Mayiwo anatsegula pakamwa, koma nkhani zonse zomwe anatolera sabata yonse zinawaonekera zachabechabe, zosayenera kumuchedwetsera munthu. Malata awiri oswekawo anali a chiyani kwa iye?

"Zatha, bambo. Pita ukapume. Uyende bwino."

"Amayi..."

Anadina okha pozimitsira. Galasi linada, ndipo anadziona momwemo, mayi wokalamba wovala bwino m'nyumba yopanda mlendo. Panja ana a aneba ankamenya mpira pageti. Anakhala choncho, manja ali pamiyendo, ali okhaokha kuposa masiku onse omwe makina ankawazimira.

Foni inayamba kulira patebulo. Anali Dokotala. Anadziwa kuti kuyambira tsopano mwana wawo azicheza nawo nthawi yaitali, azifunsa za denga ndi za aneba, ndipo iwo sadzadziwanso ngati akukhala chifukwa chofuna kapena chifukwa cha manyazi.

Inalira mpaka kutsala pang'ono kuduka. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya diresi, anakhosomola kuti mawu amveke bwino, n'kuyankha.