Anyezi a Mwezi wa Ogasiti

Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi ku Nyampande, aBonaventure anatsikila kudimba ndi khasu ndi nkhwangwa. Chinali chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi. Akazi awo, Olipa, anali atamwalila m'nyengo yozizila, ndipo dimba linangokhala lokha: mpanda utagwa, chitsime chitadzaza matope, nkhumba zikulowa mmene zifunila.

ABonaventure anali mkamwini wochokela ku Chadiza. Dimba, nyumba, ngakhale Febby, mwana wawo mmodzi yekhayo amene anali atangoyamba sukulu, zonse zinali za kuchikazi. Mwambo wosudzula ukachitika, iwo anayenela kubwelela kwawo, mwana n'kutsala. Koma anali atamvapo kuti mwamuna sasudzulidwa mbeu yake ili m'nthaka. Amayamba wakolola.

Choncho anagwila ntchito. Anadula minga n'kutseka mpanda. Anafukula chitsime mpaka madzi anayela. Anaunjika mapesi pa bedi, nawatentha, phulusa n'kulisakaniza ndi manyowa a m'khola. Anansi anali kufesa lepu ndi matimati, zopsa msanga mvula isanagwe. Iwo anafesa anyezi, chifukwa anyezi amachedwa. Pamwamba anayalapo udzu, n'kumathilila m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lina aEustace, mlongo wake wa malemu, anafika akukankha njinga. Anakanula udzu uja ndi chala, nayang'ana timasamba tonga singano.

"Alamu, anyezi? Mwezi uno? Kwanu ku Chadiza ndiye mmene mumachitila?"

"Adzachita, alamu. Madzi alipo."

"Adzachita masamba okhaokha. Kutentha kukubwela, kenaka dambo lino limila. Inu simudziwa? Ndinu munandiphunzitsa kufesa anyezi mvula ikamatha."

ABonaventure anangoyang'ana keni yothilila imene inali m'manja mwawo. Inali kudontha pansi, madzi n'kumawagwela pa zala za kumapazi.

AEustace anatsamiza njinga pa nthochi, nakhala pansi. "Mlongo wanga munamusunga bwino, palibe angatsutse. Ine ndinakamba, koma amalume akana. Mowa wosudzulila uli pamoto kale. Akuti Loweluka."

"Nanga mbeu yanga?"

"Ndinawauza zimenezo. Anaseka. Akuti lamulo limenelo ndi la chimanga cha kumunda, osati ndiwo za kudimba. Chimanga munakolola kale."

Patapita nthawi aBonaventure anati, "Mwana uja amatsokomola fumbi likachuluka. Asamasambe madzi ozizila. Ndipo thelele sadya, musamuumilize."

"Amake Gideon, mlamu wanu, adzamuyang'anila. Chadiza si kumwamba, alamu. Muzibwela."

Loweluka anthu anasonkhana, mowa unamwedwa, akuluakulu anathokoza aBonaventure ndi mau abwino, nawauza kuti tsopano ndi omasuka. Iwo anaomba m'manja monga mwa ulemu.

Lolemba m'mawa anamanga bulangete ndi malaya awo m'thumba. Anayenda ndi Febby mpaka pamene kanjila ka kusukulu kapatukila. Mwanayo anayang'ana thumba lija, kenaka nkhope yawo.

"Atate, mubwela mailo?"

"Mailo ayi, mama. Thamanga, anzako akusiya."

Febby anathamanga pang'ono, n'kucheuka, n'kuthamanganso. ABonaventure anaima pomwepo mpaka mwanayo anabisika kuseli kwa mitengo ya mango. Kenaka anasenza thumba lawo, nalowela kumsewu waukulu kukadikila basi.